Ndikufuna kusintha ndekha oyilo wa Hilux Loweruka, ndithandizeni

Lachinayi madzulo

Wa ku Matawale: Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndili ndi Hilux ya 2008, ya dizilo, D-4D ya 2.5, yomwe anandisiyira malemu bambo anga. Ndimanyamulira mpunga ndi matemba kuchokera ku Kachulu, ku nyanja ya Chilwa. Mu Marichi ndinakapangitsa sevisi pa garaja ina m'tauni muno mwa Zomba, sinditchula dzina. Ndisanapite ndinakanda fyuluta ndi msomali, kachizindikiro kakang'ono chabe, kenako ndinatanganidwa n'kuiwala zoyang'ana. Ndinalipira oyilo, fyuluta ndi ntchito. Dzulo ndatsegula boneti, ndapeza chizindikiro changa chili pompo. Anangoipukuta kuti iwale basi. Ndiye Loweruka likubwerali ndikufuna ndichite ndekha pakhomo. Sindinachitepo. Ndigule chiyani, ndiyambire pati?

Dalaivala wa Jali: Kkkk pepani achimwene, mwalowa m'gulu lathu la olira. Tchulani garajayo tiidziwe.

Adimini: Ayi, pano sititchula malo kapena munthu. Tinagwirizana kale. Muthandizeni funso lakelo.

Wa ku Joni: Aise, choyamba usagule oyilo wa m'mabotolo a madzi uja amayala m'mbali mwa msewu. Gula wotseka, pamalo odziwika, ndipo uonetsetse kuti chivindikiro sichinatsegulidwepo.

Che Makaniko: Mwana wanga, injini imeneyo ndi 2KD. Ndi yofatsa, ndipo ntchito mukufunayi ndi ya ola limodzi ngati simukuthamanga. Imamwa pafupifupi malita 7 mukasintha ndi fyuluta yomwe, koma gulani 8, chifukwa woyamba kuchita sataya pang'ono. Oyilo akhale wa dizilo, 15W-40, ndipo kumbuyo kwa chigubu muwerenge pomwe alemba API. Pakhale CI-4 kapena CH-4. Chilembo C kutsogoloko ndiye chikunena kuti ndi wa injini ya dizilo. Mukaona S yekha, ameneyo ndi wa petulo, musiyeni. Fyuluta pitani ndi nambala ya injini, osati kungonena kuti "ya Hilux," chifukwa ma Hilux alipo ambiri ndipo wogulitsa sakana kasitomala. Mugulenso kawasha katsopano ka pa bawuti ya sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Anthu amakanyoza kakang'onoko, koma ndi komwe kamadonthetsa. Zida: soketi ya 14, chomasulira fyuluta, nsanza zambiri, ndi chotengera chomwe chingalandire malita 10 osasefukira.

Wa ku Matawale: Zikomo kwambiri madala. Funso lachibwana: manambala aja 15W-40 amatanthauza chiyani? Wogulitsa wina anandiuza kuti 20W-50 ndiye wabwino chifukwa ngwolemera.

Aphunzitsi a ku Domasi: Si lachibwana. Nambala yoyamba, ya W, ikunena mmene oyiloyo amayendera injini ikazizira. Ikakhala yochepa ndiye kuti amathamanga msanga m'mawa polizira. Yachiwiri ikunena kulemera kwake injini ikatentha. Kwathu kuno ngakhale mu Juni, chiperoni chitakuta phiri lonse, 15W amayenda bwinobwino.

Che Makaniko: Aphunzitsi anena zoona. 20W-50 anthu amathira mu injini yotopa kuti abise phokoso ndi utsi. Yanuyo ngati sikudya oyilo musaipatse phala lolimba. Ili ndi tebo, chipangizo chokankhira mpweya mu injini, ndipo tebo imafuna oyilo afike msanga mukangoliza.

Mjomba wa ku Songani: Anyamata inu mukuiwala chinthu chimodzi. Ife kale tikakhetsa oyilo, tinkathira palafini malita awiri, kuliza pang'ono, kukhetsanso. Injini imatuluka yoyera ngati mbale. Ndayendetsa galimoto za boma ine Nyumba ya Malamulo ikadali ku Zomba konkuno, palibe injini inandifera m'manja.

Che Makaniko: Mjomba, ulemu wanu, koma zimenezo musamuphunzitse mwanayu. Ma Land Rover munkayendetsa aja analibe tebo, ndipo zitsulo zake zinali ndi mpata woti munthu n'kulowetsa chala. Palafini satsekereza chitsulo kuti chisakhudze chinzake. Mphindi ziwiri zomwe injini ikulira ndi palafinizo, mabeyaringi akudyana. Komanso palafiniyo satuluka yense, wotsalayo amasungunula oyilo watsopano amene mwagula modula. Chachitatu, litsiro lomwe lamatirira zaka zambiri likamasuka nthawi imodzi limakatseka kasefa ka pampu m'sampu muja. Injini imene imasinthidwa oyilo pa nthawi yake sifuna kutsukidwa.

Mjomba wa ku Songani: Galimoto za masiku ano n'zofooka basi, ngati anthu ake.

Dalaivala wa Jali: Kkkk mjomba watilasa tonse.

Wa ku Matawale: Nanga ndikwezere pa chiyani? Jeke ndili nayo, njerwa ziliponso zambiri pakhomo, tikumanga mpanda.

Che Makaniko: Njerwa ayi. Ayi ndithu. Njerwa sichenjeza, imangophwanyika kamodzi, ndipo jeke payokha si chinthu choti munthu n'kulowetsa mutu pansi pake. Mwayi wanu ndi woti Hilux ndi yaitali kale, mumalowa pansi matayala onse anayi ali pa nthaka. Musakweze chilichonse. Kokani handibuleki, ikani mu giya, tsekerani matayala ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, kiyi muike m'thumba mwanu. Kiyi m'thumba ndikunenetsa. Ndinaonapo mnyamata wa pa garaja akuliza galimoto mnzake atakhetsa kale oyilo, ati amafuna kumvera wailesi.

Lachisanu m'mawa

Mayi a ku Kalimbuka: Pepani ndilowerere pang'ono poti nkhani ndi ya oyilo. Ine ndili ndi Mazda CX-5 ya dizilo, ya ku Japan, inabwera chaka chatha kudzera ku Dar es Salaam. Ena amadandaula kuti oyilo akutha, wanga akuchuluka. Sindinawonjezere ngakhale dontho koma wadutsa pa chizindikiro chodzaza. Mlonda wathu akuti mwina wina akundichita zachipongwe. Kodi ndingathire 15W-40 yemweyu?

Wa ku Joni: Anti, musayerekeze. Galimoto yanuyo ndi mtundu wina.

Che Makaniko: Mayi, palibe akukuchitani chipongwe, ndi dizilo akutsikira mu oyilo. Galimoto yanu ili ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, amati DPF. Ikadzaza, kompyuta imathira dizilo wowonjezera kuti mwayewo upse. Kupsako kumafuna galimoto iyende mtunda ndithu injini itatentha. Tsono ngati ulendo wanu ndi wa ku Kalimbuka kupita ku ofesi, kumsika, kutchalitchi, mumazimitsa isanamalize, ndipo dizilo uja amatsetsereka m'mbali mwa mapisitoni kukagwera m'sampu. Mawa lake iyambiranso. Tulutsani kachitsulo koyezera oyilo, pamwamba pa chizindikiro chodzaza mupeza chilembo X. Oyilo akayandikira pamenepo asinthidwe, musadikire makilomita.

Mayi a ku Kalimbuka: Ndachiona chilembocho! Watsala pang'ono kufika. Ulendo wanga mwaunena ndendende ngati mumandiona.

Che Makaniko: Ndiye sabata ino asinthidwe. Oyilo wake ndi wa phulusa lochepa, pa chigubu alembepo DL-1 monga zimafunira galimoto za ku Japan zoterezi. 15W-40 wa Hilux akapsa amasiya phulusa lomwe limatseka sefa ija, ndipo phulusa silipsa ngati mwaye, limangokhala. Imamwa malita 5 ndi pang'ono. Akasintha auzenso kompyuta ya galimotoyo kuti oyilo ndi watsopano, apo ayi iziwerengabe ngati wakale. Ndipo kamodzikamodzi muziitulutsa m'tauni, kukafika ku Liwonde kapena ku Blantyre osaimaima.

Mayi a ku Kalimbuka: Ndi mizere ya dizilo yomweyi ndizikawotcha mafuta ku Liwonde popanda chifukwa? Koma abale.

Dalaivala wa Jali: Chifukwa chilipo anti, mukagule chambo pa mlatho kkkk.

Aphunzitsi a ku Domasi: N'zimene ndimawauza anzanga akamaona zithunzi za galimoto pa intaneti. Dizilo wamakono ndi wa munthu woyenda mitunda. Wa m'tauni agule kagalimoto ka petulo apume.

Mjomba wa ku Songani: Ndanena kale ine. Galimoto yofuna kupita nayo kokayenda ngati galu wa mzungu.

Adimini: Mjomba kkkk. Tibwerere kwa mwini funso. Mwagula?

Wa ku Matawale: Ndagula malita 8, fyuluta ndi kawasha. Mtengo wake musandifunse, chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse cha galimoto chimaluma. Chomasulira fyuluta sindinachipeze. Chotengera ndadula chigubu cha malita 20 cham'mbali. Madam akana beseni lawo.

Mayi a ku Kalimbuka: Achita bwino.

Che Makaniko: Chigubu chodula ndiye chabwino kuposa beseni. Tsono mverani dongosolo lake, muwerenge kawiri usiku uno chifukwa mawa manja adzakhala akuda, foni simudzaigwira. Lizani injini mphindi zisanu kapena khumi kuti oyilo afunde. Wozizira amatuluka mwaulesi n'kusiya litsiro pansi, wotentha kwambiri amasupula khungu. Mukatha kugwira sampu ndi dzanja osalichotsa msanga, ndi pomwepo. Zimitsani, tsegulani chivindikiro chothirira pamwamba kuti mpweya uzilowa. Pansipo muonetsetse kuti bawuti mukumasulayo ndi ya sampu ya injini, osati ya giyabokosi. Musaseke, ambiri akhetsapo giyabokosi n'kuthira malita 7 ena pamwamba pa oyilo wakale. Masulani ndi soketi pang'ono, kenako malizani ndi zala mukuikankhira m'kati, ndipo ikafika kumapeto muichotse mwachangu. Oyilo satsika molunjika poyamba, amathamangira kutsogolo ngati mkodzo wa ng'ombe, ndiye chigubu chikhale mbali imeneyo. Musiyeni akhe mpaka azingodontha. Pukutani, ikani kawasha katsopano, bawuti muyambe kumanga ndi zala. Ikakana ndi zala ndiye kuti yalowa mopingasa, bwezani. Mukaikakamiza ndi sipanala mwapha mathiredi a sampu, ndipo imeneyo ndi nkhani ina yodula. Pomaliza mangani ndi soketi mwa mphamvu ya dzanja limodzi, osaponda ndi phazi, osawonjezera paipi.

Wa ku Matawale: Ndasunga uthengawu. Fyuluta?

Che Makaniko: Pa injini yanuyo mumaifikira kuchokera pamwamba, inakhala chozondoka, kukamwa kuli pansi. N'chifukwa chake zoti muyambe mwaidzaza oyilo musanaimange sizitheka, angotayika. Mukachotsa yakale, yang'anani ngati labala wake wozungulira watuluka nayo. Pukutani pokhalira pake. Pakani oyilo watsopano ndi chala pa labala wa fyuluta yatsopano. Zungulizani ndi dzanja mpaka labala akhudze, kenako onjezerani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi. Basi. Fyuluta simangidwa ndi ukali.

Dalaivala wa Jali: Ikakana kumasuka ingoibayani ndi sikuludiraiva n'kupotokola. Ife timatero.

Wa ku Joni: Ndiye chitini chikang'ambika n'kutsala tsinde lokha? Zinandichitikira pa bakkie ya abwana anga, ndinagona pansi pa galimoto mpaka mdima ndikugogoda ndi tchizulo.

Loweruka

Wa ku Matawale: Tayamba. Oyilo watuluka, wakuda bii ngati phula. Theka lapita m'chigubu, kwinako m'khwapa mwanga. Madala munanena za ng'ombe zija koma sindinayeze bwino mtunda.

Dalaivala wa Jali: Kkkk wabatizidwa.

Che Makaniko: Asanathe kudontha, tengani pang'ono pakati pa zala. Mukumva timchenga kapena kuona tonyezimira ngati tazitsulo? Akuoneka ngati tiyi wamkaka? Akununkha dizilo kwambiri?

Wa ku Matawale: Palibe timchenga, palibe zamkaka. Ndi wakuda chabe, wolemera.

Che Makaniko: Zili bwino. Wamkaka akanatanthauza kuti madzi akulowa. Tsono poti bawuti ili kunja, walitsani tochi ya foni pa bowolo musuzumire. Ma D-4D ali ndi nthenda imodzi: mawasha a pansi pa mainjekita, opopera dizilo mu injini aja, akatopa, utsi umathawira mu oyilo, n'kupanga zinthu zolimba ngati makala zomwe zimakatseka kasefa ka pampu. Injini imafa ndi ludzu oyilo ali wodzaza m'sampu. Mukaona zibulumwa zakuda pa bowolo kapena m'chigubu, mundiuze musanayende ulendo wina.

Wa ku Matawale: Sindikuona zibulumwa. Bawuti ndamanga. Koma fyuluta yakana. Ndayesa ndi manja awiri, ndi nsanza, mlamu wanga wayesanso. Ngati anaiwotcherera.

Che Makaniko: Yakhalitsa, si paja yadya masevisi awiri. Musaibaye. Pukutani iume, kulungani sandipepa mbali yokalipa ikhudze chitini, kenako zengani lamba wachikopa kapena fanibelu yakale, mukokere kumanzere ngati mukutsegula botolo. Gwirani kufupi ndi tsinde, n'kumene chitini chili cholimba.

Mjomba wa ku Songani: Apa pokha Che Makaniko tagwirizana. Lamba wa thalauzi wamasula mafyuluta ambiri kuposa sipanala.

Wa ku Matawale: Yatheka! Lamba wa mlamu. Thalauzi wagwirizira ndi dzanja kkkk.

Che Makaniko: Mwachita bwino. Musanamange yatsopano, tembenuzani yakaleyo. Labala alipo?

Che Makaniko: Mwana wanga, labala wakale watuluka?

Aphunzitsi a ku Domasi: Sakuwerenga ameneyu, manja ali mu oyilo.

Wa ku Joni: Wina amuimbire.

Wa ku Matawale: Akuluakulu zavuta. Ndathira oyilo, ndaliza, nyali yofiira inazima bwinobwino, koma mlamu wakuwa kuti oyilo akutuluka ngati mpopi pambali pa injini. Ndazimitsa pompo. Pansi ponse pali oyilo. Ndaononga chiyani?

Che Makaniko: Yalira nthawi yaitali bwanji?

Wa ku Matawale: Sinakwane mphindi. Mwina theka.

Che Makaniko: Simunaononge kanthu, mtima m'malo. Werengani mauthenga anga awiri ali pamwambapo, kenako kaoneni fyuluta yakale.

Wa ku Matawale: Ilibe labala. Ayi ine.

Che Makaniko: Ndiye ali pa injini, ndipo mwamanga labala pamwamba pa labala mnzake. Awiri sagwirana, pampu ikangokankha wina amathawira kumbali. Masulani fyuluta yatsopanoyo, matulani wakaleyo ndi chikhadabo, osati ndi mpeni, mungakande pokhalira. Yang'anani labala watsopano ngati sanapindike kapena kung'ambika. Ngati ali bwino pakaninso oyilo n'kumanga monga ndinanenera. Thokozani mlamu wanu. Akanapanda kuima pambali, inu mukanatuluka pa geti mukumwetulira, n'kukaimira pa Ndege injini itagwira.

Dalaivala wa Jali: Mlamu ameneyu lero wagwira ntchito, lamba wake, maso akenso. Mumugulire kanyenya.

Mayi a ku Kalimbuka: Ine mtima unali m'mwamba ngati galimoto ndi yanga.

Wa ku Matawale: Labala ndamupeza, anamatirira ngati anabadwira pompo. Ndamanganso. Lita yachisanu ndi chitatu ija yapita yonse ndipo sikukwanabe, ndatuma mwana pa kabaza akatenge ina. Madala munati woyamba sataya pang'ono, ndimayesa nthabwala.

Che Makaniko: Akhale mtundu womwewo. Ndipo musathire lita yonse kamodzi. Thirani theka, dikirani, yezani.

Wa ku Matawale: Ndaliza, palibe kudontha, pa fyuluta ndi pa bawuti pomwe pauma. Koma muyezo ukundizunguza. Ndayeza koyamba unali pansi pa chizindikiro, ndatembenuza galimoto kuti nditsuke pomwe panatayikira oyilo, ndayezanso uli pamwamba. Sindinathire kanthu pakatipo.

Aphunzitsi a ku Domasi: Pabwalo panu ndi pathyathyathya?

Wa ku Matawale: Ayi, pamatsetsereka kulowera ku geti.

Aphunzitsi a ku Domasi: Ndi chimenecho. Sampu ndi beseni, mukalipendeketsa madzi amathawira mbali imodzi. Zomba muno malo athyathyathya ndi osowa, ena a ku Mulunguzi ndi ku Mangasanja galimoto zawo sizinaimepo mowongoka chigulireni.

Che Makaniko: Pitani nayo pabwalo la mpira kapena pa filing'i siteshoni, pafupi pomwepo. Zimitsani, dikirani mphindi zisanu kuti oyilo atsike. Tulutsani kachitsulo, pukutani, lowetsani mpaka pansi, tulutsaninso. Akhale pakati pa zizindikiro ziwirizo, kufupi ndi cha pamwamba. Asadutse. Anthu amaganiza kuti kuchulutsa ndi chikondi, koma oyilo akachuluka kulankishafuti, chitsulo chozungulira cha pamwamba pa sampu, imamumenya n'kuchita thovu, ndipo thovu silitchinjiriza chitsulo. Choopsa china pa dizilo, oyilo wochuluka akhoza kukokedwa kulowa komwe kumalowera mpweya, injini n'kuyamba kumwa oyilo wake womwe ngati mafuta. Imakuwa yokha, utsi tolo, mukachotsa kiyi siizima.

Dalaivala wa Jali: Imeneyo ndinaionapo pa lole ina pa Thondwe tsiku la msika. Anthu anathawa kusiya tomato.

Wa ku Matawale: Ndayeza pabwalo la mpira. Uli pang'ono pansi pa chizindikiro cha pamwamba. Koma madala, oyilo wayamba kale kuda! Ndayenda kilomita imodzi yokha. Kodi andigulitsa wachinyengo?

Che Makaniko: Kkkk ndimadikira funso limeneli. Ndi khalidwe la dizilo. Injini ya dizilo imapanga mwaye, ndipo oyilo wakale pang'ono amatsalira m'tinjira ta m'kati ndi mu choziziritsira oyilo. Watsopano akangozungulira amatenga mtundu. Ndiye ntchito yakenso, kunyamula mwaye kuti usakhale pa zitsulo. Pa dizilo mtundu sukuuzani kanthu za msinkhu wa oyilo. N'chifukwa chake ena osakhulupirika amapezerapo mwayi, mwini galimoto sangasiyanitse ndi maso. Chokuuzani ndi makilomita. Lembani a lero pa kapepala mumate pa chitseko. Ndi fumbi la msewu wa ku Kachulu komanso matumba a mpunga mumasenzawo, ine ndingati makilomita 5,000 kapena miyezi 6, chomwe chayamba kukwana. A 10,000 aja ndi a galimoto yoyenda pa tala yopanda katundu.

Wa ku Joni: Kuno ambiri amachita pa 10,000 koma misewu yake ndi ina. Uonenso fyuluta ya mpweya aise, fumbi likadutsa pamenepo limathera mu oyilo momwemo.

Che Makaniko: Eya. Ndipo ya dizilo ndi yachitatu, ili ndi kapampu pamwamba ndi kokhetsera madzi pansi. Imeneyo tidzakambirana tsiku lina, lero mwatopa.

Wa ku Matawale: Funso lomaliza. Oyilo wakaleyu ndimutani? Aneba abwera kale awiri. Wina akufuna athire m'chimbudzi ati amapha fungo ndi ntchentche, wina akufuna apake mitengo ya khola chifukwa cha chiswe. Wotayika pansi uja ndimati nditsukire mu ngalande ndi sopo.

Aphunzitsi a ku Domasi: Chonde mu ngalande ayi. Ngalande za m'tauni muno zimathera mu Likangala, ndipo Likangala amakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, chomwe chalowa chimakhala momwemo. Ndi yosayanso, paja inauma mu 1995 ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato. Matemba mumanyamulawo amachokera m'madzi omwewo, mpunganso amathirira ndi madzi a Likangala yemweyo. Thirani mchenga kapena utuchi pomwe patayikirapo, umwe, mukokolole muike m'thumba. Za chimbudzi ndiye ndikukana kwathunthu. Oyilo amapha tizilombo tomwe timawoletsa zam'dzenjemo, ndiye limadzaza msanga, kwinaku akulowa pansi kupita ku zitsime za anthu.

Mjomba wa ku Songani: Aphunzitsi, za chimbudzi ndavomera. Koma mitengo ya khola tapaka oyilo chibadwire chathu. Mankhwala a chiswe a m'sitolo mukudziwa mtengo wake? Munthu wa kumudzi atani? Oumba njerwa amapaka m'zikombole, a matabwa amathira pa tcheni cha makina. Oyilo wakale sanatayidwepo m'dziko muno.

Aphunzitsi a ku Domasi: Sindikukana kuti chiswe chimathawa, mjomba. Koma mbuzi zimanyambita mitengo imeneyo, ana amaigwira. Oyilo wotuluka mu injini si yemwe analowa, muli mwaye ndi tizitsulo, ndipo kumugwiragwira pakhungu nthawi yaitali kumatha kuyambitsa khansa ya pakhungu. Ndaonapo ena akupaka galu wa mphere, ena pa zilonda za ng'ombe. Kumeneko ndiye kulakwa kwenikweni.

Mjomba wa ku Songani: Pa chiweto sindinapakepo ine. Pa mtengo ndipaka, mundimange.

Che Makaniko: Ine zaka zonse ndagwira oyilo ndi manja, ndipo manja angawa ndi umboni kuti aphunzitsi sakunama, ndi ong'aluka ngati nthaka ya mu Okutobala. Mwana wanga, muthireni m'zigubu zomwe mwakhuthulazo, mutseke bwino, mulembepo, muike poti ana safika. Mwana amaona chigubu, saona za m'kati. Mukapita m'tauni funsani pa magaraja akuluakulu ndi pa mafiling'i siteshoni omwe amasintha oyilo, amakhala ndi mgolo wosungira wakale. Fyuluta yakale muisiye chozondoka pa chigubu usiku wonse ikhe. Ndipo kasambeni ndi sopo, osati ndi petulo.

Dalaivala wa Jali: Fyuluta yakaleyo musataye achimwene. Kaisiyeni pa kauntala pa garaja ija, ndi chizindikiro chanu chomwe, osalankhula kanthu.

Adimini: Bola osatchula dzina pano kkkk.

Wa ku Matawale: Ndaganizapo, koma ayi. Bambo anga ankapita pomwepo zaka zambiri, mwiniwake anabwera pa maliro. Mwina ndi anyamata ake anachita, iye osadziwa. Ndikamuuza pambali.

Lamulungu

Che Makaniko: Mwadzuka bwanji a ku Matawale. Musanalize lero suzumirani pansi, kenako yezaninso injini ili yozizira.

Wa ku Matawale: Tadzuka madala, kaya inu. Ndinayala katoni pansi usiku, yauma, palibe ngakhale dontho. Muyezo uli pomwe unali dzulo. Ndalemba makilomita pa chitseko. Lamba wa mlamu ndiye watha ntchito, wanyowa oyilo, akuti ndimugulire wina.

Mayi a ku Kalimbuka: Che Makaniko, ine DL-1 ndamusowa m'masitolo atatu. Wina amandikakamiza 15W-40 ati ndi yemweyo. Ndatuma mchemwali wanga akayang'ane ku Limbe mawa. Galimoto ndaiimika kaye, ndikuyenda pa kabaza.

Che Makaniko: Mwachita bwino kukana. Akamupeza ajambule kumbuyo kwa chigubu atumize pano tione asanalipire.

Wa ku Matawale: Madala, mawa ndikupita ku Kachulu. Ndikubweretserani matemba, mundiuze pokusiyirani ku Chinamwali.

Che Makaniko: Ndikuuzani kumbali. Akhale ouma bwino, osati amchenga aja.

Mjomba wa ku Songani: Nanga ine wa lamba?